Zala Zinayi Paphewa

Ku Balaka kunali mayi wina wosoka zovala, amene pampingo wake ankadziwika ndi zinthu ziwiri, ukhondo ndi kusunga nthawi. Akati mapemphero ayamba naini koloko, iye mumupeza atakhala kale pabenchi la kutsogolo, duku lili bwinobwino, buku la nyimbo lili pamiyendo. Miseche sankaidziwa. Dzina lake sinditchula, chifukwa ndikukudziwani, mungayambe kutembenuka n'kumayang'ana anzanu.

Bambo ake anali olemba zikwangwani. Zigayo, magolosale ndi malo ometera a m'mbali mwa msewu, zilembo zake zambiri zinali za dzanja lawo. Moyo wawo wonse ankalemba mayina a eni pamakoma a eni. Koma chaka china, ana akadali aang'ono, anagula pepala lalikulu lolimba ndi kabokosi ka utoto wosungunula ndi madzi, nati lero ndijambuleko anga. Anadzijambula okha akusuzumira pagalasi, atavala jekete limene linkatuluka pa Khirisimasi pokha. Pambali pawo anaika akazi awo atakhala pampando. Kenako mwana wamkulu, amene ndi mayi wathuyu, atavala diresi lobiriwira. Pofika kwa mwana wamng'ono, pepala linali litatsala pang'ono kutha, motero anamufinyira kumphepete kwenikweni, kudzanja lamanja. Mwanayo anali wamfupi. Kuti afike paphewa pa mkulu wake anachita kumukweza pachitini cha penti, ndipo anamujambula chomwecho, chitini ndi zonse, atavala diresi lofiira, dzanja lili paphewapo.

Chithunzicho sichinapachikidwe. Anachikulunga m'nyuzipepala n'kuchiika pansi pa zovala m'sutikesi, ndipo chinagona mmenemo zaka makumi atatu.

Ana anakula. Wamng'ono anakwatiwa ku Karonga, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Mayi awo anatsogola, ndipo patapita zaka bambo aja anafa ziwalo mbali imodzi. Anawasamala ndi mwana wamkulu, yekhayekha, miyezi isanu ndi itatu. Kuwasambitsa ndi iye, kuwatembenuza ndi iye, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuchapa zofunda zimene sindingafotokoze pano. Makina osokera anachita dzimbiri. Wa ku Karonga ankangoimba foni kuti, "Achemwali, ndibwera mwezi wamawa." Mwezi wamawawo unadzakwana tsiku loika maliro a bambowo.

Atabwerako kumanda, azimayi atadzaza m'nyumba, wamng'ono uja anadzutsa mutu, maso ali psuu, n'kunena kuti, "Achemwali, mukanathamangira nawo kuchipatala msanga, bwenzi bambo ali moyo."

Mawuwo anali oipa, ndipo ine sindikumuikira kumbuyo. Munthu amene sanachapeko ngakhale chofunda chimodzi analibe pakamwa ponenera zimenezo. Wamkulu sanayankhe. Anapukuta manja pachitenje n'kutuluka kukagawira anthu chakudya, ndipo onse anamutama kuti mayi uyu ndi wopirira. Sanadziwe kuti mawu aja wawapinda bwinobwino, monga ankapindira nsalu ya kasitomala, n'kuwasunga.

Patatha mwezi, akulongedza katundu wa malemu, anachipeza chithunzi chija. Utoto unali usanasinthe ngakhale pang'ono. Bambo ake anali kumuyang'ana, mayi ake akumwetulira cham'mbali monga ankachitira. Analira. Koma maso ake atagwera kumphepete, padiresi lofiira, misozi inaphwa. Anatenga sizasi yake yodulira nsalu, naitsegula, dzanja n'kukana. Kudula ntchito ya bambo ake kunamuvuta. Komanso mumtima ankati kudula munthu ndi chidani, ndipo Mkhristu sadana ndi m'bale wake. Anabwezera sizasi m'kabati, akudziona kuti wagonjetsa yesero.

Mmawa mwake anakwera minibasi ya ku Zomba, kumene kuseri kwa msika kunali mmisiri wina wokhoma mafelemu a zithunzi.

Mmisiriyo anasamba m'manja asanachigwire. Anachiyala patebulo, nachiyang'ana nthawi yaitali, nati amene anajambula apa ankawakonda anthu awa. Kenako anafotokoza za ntchito yake. Chithunzi cha papepala, anatero, sachigunditsa kugalasi, chifukwa kukachita chinyontho chimamatirira, ndipo tsiku lochimatula nkhope zimatsalira pagalasipo. Ndiye pakati pa chithunzi ndi galasi amaikapo katoni yolimba, yoibowola zenera pakati, kuti chithunzi chizionekera pamenepo. Katoni imeneyi mwini chithunzi amasankha yekha, mtundu wake ndi kukula kwa zenera lake.

Anatulutsa zidutswa za makatoni amitundumitundu, zodulidwa ngati sikweya ya kalipentala, n'kumaziyesa pangodya za pepala. Za mtundu sanavutane. Mayiyo anali telala, maso ake ankadziwa chimene chikugwirizana ndi chinzake. Yoyera kwambiri anaikana kuti ikudetsa pepala. Yakuda anati maliro tinalira kale. Anasankha yotuwirako, ya mtundu wa chigoba cha dzira, ndipo mmisiri anagwedeza mutu kuti ngakhale iye akanasankha yomweyo.

Panatsala kukula kwa zenera. Mmisiri anaika zidutswa ziwiri, china pangodya ya kumwamba kumanzere, china pangodya ya pansi kumanja, zikungoluma m'mphepete mwa pepala pang'ono chabe. "Timatere, mayi," anatero. "Katoni ingogwira pepala kuti lisagwe, koma zonse zimene anajambula zioneke."

Mayiyo anaika chala chimodzi pachidutswa cha kumanja n'kuyamba kuchikankha pang'onopang'ono. Diresi lofiira linalowa pansi pa katoni, chitini ndi nkhope zomwe. Mkono nawo unalowa mpaka padzanja. Pamenepo anaima, chifukwa akanapitiriza, katoni ikanayamba kudya phewa lake lomwe.

"Mayi, pamenepo pali munthu," anatero mmisiri.

"Ndamuona. Dulani pomwepo."

"Zala zake zitsalira paphewa panu."

"Zitsale."

Mmisiri anakanda m'mutu. Sinali ntchito yake kufunsa za m'banja la eni, ndipo sanafunse. Anatenga pensulo ndi rula, nalemba mzere. Asanalowetse mpeni anati, "Ndidula monga mwanenera. Koma mudziwe kuti katoni sichotsa kanthu, imangophimba. China, musakachipachike poyang'anana ndi dzuwa. Utoto uwu ndi dzuwa sizimwerana madzi."

Mawu oyambawo anamukomera mayiyo, chifukwa n'zimene ankafuna: iye sanadule munthu, wangophimba. Achiwiriwo anawaiwala asanafike pa Liwonde.

Kunyumba anachipachika pabalaza, pakhoma loyang'anana ndi zenera la kumadzulo, chifukwa ndi pamene maso a mlendo ankafikira akangolowa. Ankafuna anthu aziona makolo ake, ndiponso, tinene zoona, aziona mwana amene anawasamala. Dzuwa la ku Balaka mukulidziwa. Likangopendeka linkalowa pazenera lija n'kukhazikika pachithunzipo mpaka madzulo, tsiku ndi tsiku.

Alendo ankachitama. Koma pagulu sipalephera mmodzi wa maso akuthwa. "Nanga zala zinayi izi paphewa panu ndi za ndani?" Iye ankaseka pang'ono n'kuti, "Bambo analakwitsa, anaiwala kufufuta." Munthu amene sankanena miseche uja anayamba kunamizira bambo ake ali kumanda.

Chaka chisanathe kunabwera kalata yochokera ku Karonga, masamba awiri. "Achemwali, ndinalankhula ndi chisoni komanso ndi manyazi, poti ine panalibe. Ndikhululukireni." Anaiwerenga, sanaing'ambe, anakaiika m'sutikesi muja munkagona chithunzi. Amalume awo anabwera kudzakamba naye, akulu a mpingo nawo anayesapo. Onse ankawayankha mofatsa, yankho limodzi: "Ine ndinakhululuka kalekale. Munandimvapo ndikumunena? Ngakhale dzina lake, munandimvapo ndikulitchula?" Ndipo zinali zoona, sankalitchula. Akuluakulu aja ankabwerera atasowa pogwira.

Chaka chachinayi wamng'ono uja anabwera yekha, atasenza thumba la mpunga wa kwawoko. Mkulu wake anamulandira monga ankalandirira mlendo aliyense. Anayala nsalu patebulo, anatulutsa makapu a alendo, anamufunsa za ulendo ndi za mvula ya kumpoto. Wamng'onoyo akumwa tiyi anakweza maso kukhoma. Anaona bambo ake, mayi ake, mkulu wake, kenako katoni yotakata mbali imodzi. Chithunzicho ankachikumbukira bwino, ankakumbukira ndi mmene chitini chija chinkagwederera kunsi kwa mapazi ake.

"Zala zangazo mwazisiya, achemwali," anatero chapansipansi.

"Tiyi wanu azizira," anayankha mkulu wake.

Anamaliza tiyi, natsuka yekha kapu imene anamwera, n'kukakwera basi ya tsiku lomwelo. Mpunga uja mkulu wake anaugawira anansi. Wa ku Karonga sanabwerenso.

Zaka zinadutsa. Chinthu chimene umachiona tsiku lililonse sudziwa kuti chikusintha. Mayiyo anazindikira chimodzi chokha, kuti zala zija zayamba kusuluka, mpaka alendo anasiya kufunsa. Anakondwera. Mumtima anati taonani, zatha zokha, sindinachite kuzigwira. Sanadzifunse kuti dzuwa limene ladya zala lingasiye bwanji phewa.

M'chaka chakhumi ndi chinayi foni inalira. Anali mwana wamkazi wa mng'ono wake uja, naye ali kale pabanja. "Amayi aakulu, amayi akudwala kwambiri, akukufunani." Nthawi imeneyo sukulu zinali pafupi kutsegulira, ndipo mayunifolomu anali mulu pamakina. Anayankha kuti, "Uwauze ndibwera mwezi wamawa." Sanazindikire n'komwe kuti mawu amenewo anawamvapo kale pakamwa pa wina. Anafika ku Karonga tsiku loika maliro a mng'ono wakeyo, bokosi atakhoma kale, ndipo palibe amene anamunena kanthu. Anamupatsa pokhala, anamupatsa madzi osamba m'manja. Kukhala chete kwa anthu aja kunamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Potsanzikana, mwana wa malemu anamugwira dzanja. "Amayi ankakonda kunena kuti kwanu kuli chithunzi chimene agogo anawajambula ali mwana, atakwera pachitini. Ife cha ubwana wawo tilibe ngakhale chimodzi. Kumapeto kwa mwezi ndibwera ndidzachione." Za katoni ija, malemu sanawauze ana ake.

Atabwerera ku Balaka anaima pabalaza, nachiyang'ana chithunzicho ndi maso a mlendo, koyamba pazaka zonsezo. Jekete la bambo ake linali litatuwa. Nkhope yawo inali ngati banga la tiyi pansalu, maso mumachita kuganizira kuti anali apa. Kumwetulira kwa mayi ake kunalibe. Diresi lobiriwira lija linali mbuu. Mantha anamugwira, osati a chithunzi chokha, koma a mwana amene akubwera kudzaona mayi ake n'kupeza katoni. Anachitsitsa pakhoma, nachikulunga m'chitenje, n'kukwera minibasi ya ku Zomba.

Mmisiri uja analipo, atakalamba, magalasi ake atakhuthala. Felemu anaizindikira kuti ndi ntchito ya manja ake, ndipo katoni yotakata mbali imodzi anaikumbukira. Sananene kuti ndinakuuzani. Anatembenuza felemu, nazula timisomali kamodzikamodzi, nachotsa thabwa la kumbuyo. Kenako anagoneka chithunzi chagada patebulo n'kunyamula katoni ija ndi manja awiri.

Kumphepete kunaima mtsikana wovala diresi lofiira psuu, utoto uli ngati wapakidwa mmawa womwewo. Maso akuda bii, mano awiri akutsogolo palibe, chitini cha penti kunsi kwa mapazi, zilembo zake zikuwerengeka. Pachithunzi chonsecho munthu wooneka anali yekhayo. Mkono wake unatambasuka kulunjika kwa mkulu wake, koma pamene panalekezera katoni unathera pomwepo. Kutsogolo kwake kunalibe zala, kunalibe phewa.

Mayiyo anagwira tebulo. "Bambo, enawa simungawabwezeretse?"

"Ayi, mayi. Ine ndimadziwa kudula katoni. Chimene dzuwa latenga sindingabweze."

Panja a malonda anali kuitanira tomato ndi anyezi.

"Tidule zenera lotani tsopano?" anafunsa mmisiri.

"Tsegulani lonse."

Mmisiri anatenga rula, kenako anaima, nafunsa funso limene sanafunse zaka khumi ndi zinayi zapitazo. "Kodi mwanayu ndani?"

Mayiyo anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anayesanso. "Zelesi," anatero. "Ndi mng'ono wanga Zelesi." Anakhala pansi pautuchi, n'kulira maliro amene sanalire ku Karonga.

Kumapeto kwa mwezi mwana uja anabweradi. Anawaona mayi ake atakwera pachitini, naseka, nalira, napukuta galasi ndi nsonga ya chitenje. Kenako analoza malo otuwa aja pambali pawo. "Nanga apa akulozapa panali ndani?" Mayi wathu anayankha kuti, "Panali ine."

Abale ndi alongo, tanthauzo lake silili patali. Mayi uja ankaganiza kuti wakhululuka chifukwa sanatukwane, sanadule, sanatchule. Koma kuphimba si kukhululuka. Mtima wa munthu nawo uli ndi katoni yake, ndipo ambiri tili munofe ndife amisiri oidula. Timasankha mtundu wokongola, ulemu, kufatsa, "ine ndilibe naye chifukwa." Timapatsana moni pakhomo la tchalitchi, timathirirana tiyi m'makapu a alendo, ndiye timati zaka zikapita zidzatha zokha. Sizitha. Chimene chili pansi pa katoni zaka sizichikhudza, chimakhala chofiira monga tsiku loyamba. Zimene zimasuluka ndi zomwe tapachika kuti anthu aone, mapemphero athu, ntchito zathu zabwino, miyezi isanu ndi itatu yosamala wodwala, mpaka nkhope yathu yomwe. Mulungu sayang'anira pazenera limene tamudulira ife. Amaona pepala lonse, ndipo likubwera tsiku limene adzanyamule katoni ija ndi manja ake awiri.

Mayi ameneyu ndimamumvera chisoni, sindikumuweruza. Analakwiridwa zenizeni. Koma akanakalipa tsiku lomwe lija, akanamuuza mng'ono wake kuti wandibaya, bwenzi atakangana, n'kulira, n'kuyanjana, n'kukalamba akuyenderana. Chinamuwononga ndi kukhala chete kooneka ngati chiyero.

Tsopano musayang'ane mnzanu. Pali dzina limene latha zaka lisakutuluka pakamwa panu. Mukulidziwa, lafika kale m'mutu mwanu ndikulankhula pano. Litchuleni lero pamaso pa Mulungu, ndipo mukatuluka muno mukalitchule pamaso pa mwini wake, mumuuze pamene panakupwetekani, mumve naye zake. Musati mwezi wamawa. Mayi uja dzina analitchula ndithu, koma analitchulira mmisiri wa mafelemu, mwini dzina ali m'manda ku Karonga. Wanuyo akadali ndi makutu.